Malonda a Zinthu Zakale pa Okushoni ya pa Intaneti

Mau Oyamba

Mukadzapeza mpata wofika ku Kafue, tauni imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, mudzaime kanthawi pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Kafue ndi kupenyetsetsa zimene zidutsa. Mseu wocokera ku Chirundu ndi wocokera ku Livingstone umakumana capafupi, kum'mwera kwa mlathowo, kotero kuti katundu wambiri wolowa m'dziko muno kucokera kum'mwera amadzera pamenepa. Pakati pa malole a feteleza ndi a mafuta mudzaonanso malole aatali atasenza galimoto zing'onozing'ono zopanda manambala a kuno. Galimotozo si zatsopano. Zinayendapo kale m'miseu ya ku Japan, ndipo zambiri mwa izo zinadzera pa okushoni zisanakwezedwe m'sitima. Eni ake atsopano, amene akuzidikira ku Lusaka kapena ku Kabwe, anaziona pacithunzi cabe, natumiza ndalama zao kwa munthu amene sanaonanepo naye maso ndi maso.

Nkhaniyi ikukhudzani inunso. Posacedwa mudzayamba kulandira malipiro anu oyamba, ndipo mudzafuna firiji, mipando, foni, mwinanso galimoto ya ngongole. Zambiri mwa zimenezi mudzagula zitagwirapo kale nchito, ndipo mudzazipeza pafoni yanu. Nkofunika tsono kuti mudziwe momwe malondawa anayambira, momwe amayendera, ndi pamene pagona ngozi yake.

1. Kucokera ku Fakitale Kufika pa Salaula

Kafue ndi malo oyenera kuyambirapo nkhani yathu. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma la Kenneth Kaunda linasankha tauniyi kuti ikhale ya mafakitale. Linamangapo Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, ndi Kafue Textiles of Zambia yoluka nsalu kucokera ku thonje la alimi a m'dziko muno. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anthu ogwira nchito m'mafakitalewo. Cikonzero cinali cakuti mwana wa m'Zambia abvale citenje ndi yunifomu yolukidwa kwao komwe.

Mu 1991 cipani ca MMD cinatenga boma motsogozedwa ndi Frederick Chiluba, ndipo zipata za malonda zinatsegulidwa. Zobvala zakale zocokera ku Ulaya ndi ku America zinayamba kulowa zoculuka, zitamangidwa m'mabelo olemera makilogalamu 45 liri lonse. Zobvala zotere sizinali zacilendo kwenikweni, pakuti kale anthu a ku Copperbelt anali kuzigula kucokera ku Congo, nazicha Mokambo potengera dzina la malo a pamalire pamene zinali kulowera. Cacilendo cinali kuculuka kwake. Dzina lakuti salaula ndi la Cibemba, ndipo litanthauza kusankhula pa mulu. A kum'mawa ndi a ku Malawi amati kaunjika, kucokera ku mneni wakuti kuunjika. Taonani kuti dzina lina likamba za nchito ya wogula, pamene linzake likamba za nchito ya wogulitsa. Karen Tranberg Hansen, katswiri wa za cikhalidwe ca anthu, anafufuza malondawa ndipo mu 2000 anatulutsa buku lochedwa Salaula.

Fakitale ya nsalu ya ku Kafue inafooka m'zaka zomwezo, ndipo pambuyo pake makina ake anazima. Ya Mulungushi ku Kabwe inatsekedwa mu 2007. Musafulumire kunena kuti salaula yekha ndiye anapha mafakitalewa. Makina anali okalamba, ciongoladzanja ca kubanki cinali cokwera, ndipo nsalu zatsopano zochipa za ku Asia zinalowanso pa nthawi yomweyo. Cimene tifuna kuti mugwire ndi ici: kuyambira pamenepo, kugula cinthu cogwirapo kale nchito kunasanduka moyo wa tsiku ndi tsiku wa banja la m'tauni. Koma pa salaula wogula amagwira malaya ndi manja ake, amawatambasula padzuwa, nayang'ana m'khwapa ndi m'kolala. Pa intaneti mwai umenewu palibe, ndipo zonse zimene tikambe m'munsimu zicokera pa kusiyana kumeneku.

2. Kodi Okushoni N'ciani?

Pamsika wamba wogulitsa amachula mtengo, wogula napempha kuti autsitse. Pa okushoni zinthu zimatembenuka: katundu ndi mmodzi, ogula ndi ambiri, ndipo ogulawo ndiwo amapikisana pochula mitengo. Njirayi imathandiza makamaka pamene palibe amene adziwa mtengo weniweni wa cinthu. Thumba la shuga liri ndi mtengo wodziwika, koma makina osokera amene agwira nchito zaka 15 alibe anzake ofanana nao ndendende. Ndico cifukwa cake zinthu zakale ndi okushoni zimayendera limodzi. Nyumba za malonda otere za ku London ndi zakale ndithu: Sotheby's inayamba mu 1744, Christie's mu 1766. Alimi a fodya a ku Malawi nawonso adziwa bwino okushoni ya ku Limbe ndi ku Kanengo. Kuno kwathu ofesi ya Sheriff imagulitsa pa okushoni katundu wolandidwa mwa lamulo la khoti, ndipo Zambia Revenue Authority imagulitsa katundu wogwidwa pa nkhani za msonkho.

Pali mitundu itatu imene muyenera kuisiyanitsa.

(a) Okushoni yokwera. Mtengo umayambira pansi, ogula naukweza mosinthana kufikira patatsala mmodzi. Woitanira malonda akamenya kanyundo, katundu wapita.

(b) Okushoni yotsika. Mtengo umayambira pamwamba ndi kumatsika, ndipo woyamba kubvomera ndiye watenga. Ndi mmene amagulitsira maluwa ku Netherlands, popeza maluwa sacedwa kufota ndipo malonda ake afunika cangu.

(c) Okushoni ya m'kalata. Ali yense amalemba mtengo wake mobisa, ndipo makalata amatsegulidwa pa tsiku loikika. Makampani ndi mabungwe amakonda njirayi pogulitsa galimoto zao zakale.

Dziwaninso kuti wogulitsa akhoza kuika mtengo umene safuna kutsikirapo. Ogula akalephera kuufika, katundu sagulitsidwa ngakhale wina atachula mtengo woposa anzake onse.

3. Okushoni Ilowa m'Kompyuta

Intaneti inafika m'Zambia mu 1994 kudzera ku ZAMNET ya pa University of Zambia. Caka cotsatira, mu Sepitembala 1995, Pierre Omidyar wa ku California anatsegula tsamba lochedwa AuctionWeb, limene mu 1997 linasintha dzina kukhala eBay. Cimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa pamenepo cinali kanyali kolozera ka laser, kakufa, kamene munthu wina anagula pa madola 14.83 akudziwa bwino lomwe kuti n'kakufa. Phunziro lake n'lakuti cinthu cimene m'mudzi mwanu palibe angacifune cikhoza kupeza mwini wake ogula akaculuka.

Pa okushoni ya pa intaneti palibe kanyundo. M'malo mwake pali nthawi yotsekera, kaya patapita masiku 3 kaya 7. Palinso njira ina imene ambiri saimvetsa, yakuti kompyuta imapikisana m'malo mwanu. Tiyerekeze kuti pakugulitsidwa makina osokera, mtengo woyambira ndi K500, ndipo lamulo n'lakuti wokweza aonjezere K50. Inu muuza kompyuta mwacinsinsi kuti malire anu ndi K1,200. Patsamba paoneka K500 cabe. Wina abwera nachula K800, ndipo pomwepo kompyuta ikukwezerani kufika pa K850. Iye ayesanso K1,000, kompyuta ikuikani pa K1,050. Akalekera pamenepo, makina ndi anu pa K1,050, osati pa K1,200. Munthu wopambana amalipira mtengo wongopitirira pang'ono wa amene anamtsatira.

Nzeru yake inafotokozedwa kale mu 1961 ndi William Vickrey, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1996. Iye anaonetsa kuti pa malonda otere munthu sapindula kanthu pobisa mtengo umene cinthuco cili nao kwa iye. Mukachula wocepa, mungotaya mwai. Mukachula wopitirira, mukhoza kupambana ndi kulira pambuyo pake. Cotero lingalirani malire anu mtima uli m'malo, muwachule kamodzi, ndipo musabwererenso kukawakweza.

Pali macitidwe awiri amene muyenera kuwazindikira. Loyamba n'lakuti ogula ena amabisala kufikira kutatsala masekondi ocepa, naponya mtengo wao kuti anzao asowe nthawi yoyankha. Ici si cinyengo, ndipo masamba ena amacithetsa poonjezera mphindi zingapo nthawi ili yonse pamene wina wakweza mtengo kumapeto. Laciwiri ndi cinyengo ceniceni: wogulitsa amatuma mbale wake, kapena amatsegula dzina lina, kuti azikweza mtengo mwabodza ndi kukukokani inu.

4. Galimoto za ku Japan

Malonda aakulu a mtundu umenewu amene afika pakhomo pathu ndi a galimoto. Ku Japan galimoto ya banja imapimidwa mwa lamulo ikakwanitsa zaka 3, ndipo kenaka zaka 2 ziri zonse. Kupimako, kochedwa shaken, kumadya ndalama, motero ambiri amagulitsa galimoto ikali yolimba. Popeza a ku Japan amayenda kumanzere kwa mseu monga ife, galimoto zao zimatiyenera popanda kusintha kanthu.

Galimotozi zimasonkhanitsidwa m'mabwalo aakulu a okushoni, monga a kampani ya USS, kumene galimoto imodzi imagulitsidwa m'masekondi owerengeka ndipo ogula ambiri amapikisana ali kutali pa kompyuta. Koma zindikirani kuti m'mabwalomo amaloledwa amalonda olembetsedwa okha. Inu wa ku Kafue simulowamo nokha. Mumatuma nthumwi imene mumaipatsa malire anu ndi cikole, kapena mumagula kwa makampani otumiza galimoto kunja monga BE FORWARD ndi SBT, amene amaika mtengo wokhazikika patsamba lao. Kugula kwa makampani otere sikupikisana pa okushoni ai.

Galimoto ili yonse ya pa okushoni imakhala ndi pepala lolembedwa ndi woipima. Pepalalo limaonetsa makilomita amene yayenda, pamene yakandika kapena kuphwanyika, ndi giredi yake. Giredi 5 ndi yonga yatsopano, 4 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofunika kukonza, ndipo cilembo R cisonyeza kuti inacitapo ngozi nikonzedwa. Pepalali limalembedwa m'Cijapani, tsono pemphani kuti akumasulireni, ndipo onetsetsani kuti nambala ya chasisi ya papepala ikufanana ndi ya pagalimoto.

Ambiri amapunthwa pa kuwerengera. Mtengo wolembedwa FOB ndi wa galimoto itakwezedwa m'sitima ku Japan basi. Wolembedwa CIF uphatikizapo ulendo wa panyanja ndi inshuwalansi kufikira padoko, monga la Dar es Salaam kapena la Durban. Pamwamba pake muonjezere zolipira padoko, za kupimitsa galimoto isanatumizidwe, za kuinyamula kufika pamalire a Nakonde, Chirundu kapena Kazungula, za wokuombolerani katundu, msonkho wa ZRA umene umadalira mtundu wa galimoto, ukulu wa injini ndi zaka zake, ndiponso za kulembetsa ku RTSA. Kumbukiraninso kuti mtengo uli m'madola pamene malipiro anu ali m'Kwacha, ndipo pa masabata amene sitima ili panyanja Kwacha ikhoza kugwa. Munthu amene anatenga ngongole yokwanira mtengo wa pacithunzi wokha amasiya galimoto yake pamalire, ndipo ikakhalitsa osaomboledwa ikhoza kugulitsidwanso pa okushoni, iye akali kubweza ngongole.

5. Msika wa Pafoni

Malonda a zinthu zing'onozing'ono kuno amacitikira kwambiri pa Facebook, imene inatsegula Marketplace mu 2016, ndiponso m'magulu a WhatsApp. Mai wogulitsa salaula amatsegula belo, nasankhamo zokongola, nazijambula. Ena amaika mtengo n'kunena kuti woyamba kulipira ndiye watenga. Ena amalola makasitomala kupikisana kufikira ola lakuti. Ndalama zimayenda pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo katundu amatumizidwa pa basi.

Ubwino wake ngoonekeratu. Wa ku Kafue amene kale anali kudalira anthu odutsa pa tebulo lake tsopano akhoza kugulitsa ku Mazabuka, ku Chipata ndi ku Ndola osalipira lendi ya sitolo. Koma pali kusiyana kwakukulu ndi masamba onga eBay. Kumeneko kuli kampani imene imasunga mbiri ya wogulitsa ali yense, ogula akale amalembapo ngati anakhutira kapena ai, ndipo pali njira yobwezera ndalama katundu akapanda kufika. M'gulu la WhatsApp mulibe mkhalapakati wotere. Mukatumiza ndalama kwa wakuba, iye amazitapa kwa ejenti m'mphindi zocepa, nazima foni.

6. Muzu wa Bvuto

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bvuto la malonda onse a zinthu zakale n'lakuti wogulitsa adziwa cilema ca katundu wake, koma wogula sacidziwa. George Akerlof analongosola zotsatira zake mu 1970, potengera citsanzo ca galimoto zakale, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2001. Tsatirani bwino ganizo lake. Wogula amene sangathe kusiyanitsa firiji yabwino ndi yoipa sabvomera kulipira mtengo wa yabwino, koma wapakati. Mwini firiji yabwino aona kuti mtengowo ngocepa, naleka kugulitsa. Pamsika patsala zoipa zambiri, ogula atsitsanso mtengo, ndipo eni zabwinoko acokanso. Potsiriza msika umadzala ndi zinyalala. Wonama saononga wogula mmodzi yekha, koma amathamangitsanso ogulitsa oona mtima.

Mukamvetsa ici, mudzaona kuti pepala la woipima galimoto, mbiri ya wogulitsa, lisiti ndi lonjezo lobweza ndalama ndi mankhwala a nthenda imodzi. Zonsezi zimapatsa wogula maso pamene manja ake sangafike.

Bvuto laciwiri liri mumtima mwa wogula. Anthu khumi akamapikisana pa cinthu cimene sadziwa bwino, wopambana kawirikawiri amakhala uja amene anaciyesa camtengo wapatali kuposa momwe ciliri. Onjezanipo manyazi a kugonja pamaso pa anzanu m'gulu, ndipo mudzapeza munthu atagula njinga yakale pa mtengo wa yatsopano.

7. Zoyenera Kucita

Pamene mukugula, yambani mwafunsa mtengo wa cinthu comweco cikakhala catsopano, pakuti safunsa anadya phula. Werengani malamulo a okushoniyo: ambiri amagulitsa katundu monga momwe aliri, osalola kubweza, ndipo ena amaonjezera komishoni pa mtengo umene mwapambanira. Ngati pali tsiku loonera katundu, pitani, ndipo mutenge makanika kapena wina wodziwa. Ngati katundu ali kutali, tumani wacibale akaone, kapena pemphani wogulitsa ajambule cinthuco cikugwira nchito, pambali pake ataika kapepala kolembedwa tsiku la lero. Musatumize ndalama zonse katundu musanamuone. Mukatumiza pafoni, yang'anani dzina limene laoneka ngati ndi la munthu amene mwakhala mukukamba naye. Pogula galimoto kunja, lipirani ku akaunti ya kampani yokhayokha, ndipo cenjerani ndi uthenga wonena kuti akaunti yasintha. Kumanani masana, poyera. Funani lisiti kapena kalata yogulitsirana yokhala ndi nambala ya registration ya wogulitsa, cifukwa kulandira katundu wakuba mukudziwa, kapena muli ndi cifukwa cokaikira, ndi mlandu. Mtengo ukatsika mopitirira muyeso, dzifunseni cifukwa cake.

Pamene mukugulitsa, jambulani cinthu ceniceni, osati cithunzi cotapa kwina, ndipo muchule cilema cake poyera. Mutaya makwacha ocepa lero, koma mudzasunga dzina limene lidzakugulitsirani mawa. Chulani nthawi yotsekera ndipo muisunge. Musapereke katundu pongoona uthenga wonena kuti ndalama zalowa, pakuti mauthenga otere amapekedwa. Yang'anani nokha ndalama zimene ziri mu akaunti yanu. Nambala yanu yacinsinsi musauze munthu, ngakhale wodzicha wa ku kampani ya mafoni. Pogulitsa foni kapena kompyuta, yambani mwafafaniza zonse za m'katimo.

8. Cimene Lamulo Linena

Makhoti a m'Zambia amagwiritsa nchito lamulo la ku England la 1893 lochedwa Sale of Goods Act. Pa za okushoni, lamuloli linena kuti malonda amatha pamene woitanira wamenya kanyundo kapena walengeza mwa njira ina yozolowereka, ndipo izi zisanacitike wochula mtengo akhoza kubweza mau ake. Linenanso kuti wogulitsa saloledwa kupikisana nao pa katundu wake, kapena kutuma wina, pokhapokha atalengezeratu. Pa intaneti, malamulo a tsamba amene munabvomera polembetsa akhoza kukumangani kuposa pamenepa.

Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wamalonda kunamiza wogula za katundu, ndipo madandaulo amapita ku bungwe la CCPC. Lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2021 limazindikira mapangano ocitikira pa makina. Za nambala za mafoni zobera anthu kauzeni apolisi, kampani ya foni yanu ndi ZICTA, ndipo citani zimenezi tsiku lomwelo. Milandu ya ndalama zocepa ikhoza kupita ku Small Claims Court popanda loya. Komabe lamulo limafuna umboni ndi munthu wodziwika womuimba mlandu. Sungani mauthenga, zithunzi ndi malisiti onse.

Mau Otsiriza

Anthu a ku Kafue anaona nsalu ikulukidwa m'tauni mwao, anaona mabelo a salaula akutsegulidwa m'misika, ndipo lero aona galimoto zogulidwa pacithunzi zikuoloka mlatho wao. Pa kusintha konseku wogula wakhala akutalikirana ndi katundu wake, ndipo cimene kale anali kucidziwa ndi manja tsopano ayenera kucidziwa mwa kuwerenga pepala, kufunsa ndi kuwerengera. Malonda a zinthu zakale si oipa. Abveka ana, akhazika mabanja pamipando, ndipo apatsa ambiri poyambira bizinesi. Koma pa tsiku limene cithunzi cidzakukomerani ndipo nthawi yotsekera ili pafupi, mudzakumbukire kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani malire anu papepala, muonjezerepo zolipira zonse za m'njira, ndipo mtengo ukapitirira pamenepo, lekani wina atenge. Mawa kudzabwera firiji ina.